Kutsatira mnyamata waluso pa World Juniors: phunziro la Connor Bedard ku Halifax

Anthu akangomaliza kudya Khirisimasi, pa 26 Disembala, umayamba mpikisano wa hockey ya pa ayezi wa anyamata osakwana zaka 20. Bungwe la IIHF, loyang'anira hockey ya pa ayezi padziko lonse, ndi lomwe limauyendetsa, ndipo otsatira masewerowa amangoutchula kuti World Juniors. Nthawi zambiri umatha pa 5 Januwale. Pakati pa ochemerera pamakhala anthu ena osavala yunifolomu ya timu iliyonse, ali phee ndi kabuku m'manja. Awa ndi masikauti a matimu 32 a ligi ya NHL ya ku America ndi Canada, ndipo abwera kudzaona anyamata ochepa amene matimu awo angadzawasankhe pa draft, mwambo wa mu Juni umene matimu amasankhirapo osewera achinyamata mosinthana.

Wofuna kutsatira mnyamata mmodzi pa mpikisanowu amakumana ndi msampha: pepala la zigoli. Timu yofika kumapeto imasewera magemu 7 okha m'masiku 11, ena mwa iwo ndi matimu ofooka kwambiri. Chiwerengero cha mapointi (wosewera amapeza pointi akagoletsa kapena akapatsira wogoletsa) chotuluka pamenepo chikhoza kukweza mwana wamba n'kumuyesa katswiri, kapena kubisa katswiri weniweni. Mpikisano wa 2023, umene Connor Bedard wa ku Canada anauteketsa, ukuonetsa bwino mmene tingawerengere zinthuzi mosanamizidwa.

Zaka zake choyamba

Musanaone ngakhale gemu imodzi, fufuzani tsiku lobadwa la mnyamatayo. Mpikisano wa 2023 unkalola obadwa mu 2003 kapena pambuyo pake, ndiye kuti ambiri pa bwalo anali a zaka 19. Bedard anabadwa pa 17 Julayi 2005 ku North Vancouver, choncho anali ndi zaka 17. Kwa munthu wamkulu zaka ziwiri si kanthu, koma pa msinkhu uwu n'zambiri: wa zaka 19 thupi lakhwima, mapewa atambasuka, ndipo ena akhala kale akusewera ndi abambo a ndevu m'maligi akuluakulu a ku Sweden, Finland kapena Switzerland. Mwana wa zaka 17 akangopatsidwa malo mu timu ya Canada, Sweden kapena America, chimenecho pachokha ndi umboni.

Lamulo la draft nalo limadalira tsiku lobadwa. Wosewera amayenera kukhala atakwanitsa zaka 18 pofika pa 15 Sepitembala wa chaka cha draft. N'chifukwa chake pa bwalo pamakhala magulu awiri: amene anasankhidwa kale ndipo timu yawo ya NHL ikungoyang'anira kakulidwe kawo, ndi ochepa amene akudikira Juni. Kuwazindikira aang'onowo n'kosavuta. Malamulo a IIHF amati wosakwana zaka 18 aphimbe nkhope yonse, pomwe akuluakulu amavala kagalasi kofika pamphuno basi. Mukaona wina nkhope yonse ili m'kati mwa chotchinga, ameneyo ndiye mwana pagulupo.

Palinso china chimene chimasokoneza. A zaka 19 amene ali akatswiri kwambiri nthawi zambiri sabwera n'komwe, chifukwa matimu awo a NHL amakana kuwamasula pakati pa ligi. Bedard mwiniwake zaka zinkamulola kusewera mpikisano wa 2024, koma anali kale pantchito mu timu ya NHL ya ku Chicago.

Mmene mpikisano ndi gemu zimayendera

Matimu amakhala 10, m'magulu awiri a matimu asanuasanu. Timu iliyonse imakumana ndi inzake zinayi za m'gulu lake. Yopambana m'nthawi yoikika imapeza mapointi 3, yopambana m'nthawi yowonjezera 2, yogonja m'nthawi yowonjezera 1. Anayi apamwamba m'gulu lililonse amalowa m'makotafainolo, kumene wogonja amalongedza katundu. Matimu otsiriza m'magulu amalimbirana kuti asatsitsidwe kupita m'gawo lapansi.

Gemu ili ndi zigawo zitatu za mphindi 20, ndipo wotchi imaima wenzulo ikangolira. Mbali iliyonse imakhala ndi osewera asanu ndi goloboyi: atatu akutsogolo ndi awiri otchinga kumbuyo. Chimene amalimbirana ndi puck, kachimbale ka labala wolimba, kotambalala masentimita 7.6 ndi kolemera pafupifupi magalamu 170, kamene amayamba akaumitsa mufiriji kuti kasamadumphe pa ayezi. Golo ndi laling'ono, masentimita 183 m'lifupi ndi 122 kutalika.

Wozolowera mpira wamiyendo amadabwa ndi kusinthana kwa osewera. Liwiro la gemuyi ndi loti palibe amene angakhale pa ayezi mphindi zitatu ali bwinobwino. Osewera amalowa mashifiti a masekondi pafupifupi 40 kapena 45, kenako amathamangira kubenchi, anzawo n'kulumpha mpanda gemu ili m'kati. Akutsogolo amagawidwa m'malaini anayi a anthu atatuatatu. Laini yoyamba ikhoza kusewera mphindi 18 mpaka 20 pa gemu, yachinayi mwina 8 zokha. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse yotsatira mnyamata: amene ali mu laini yachinayi sangagoletse zambiri ngakhale atakhala ndi luso lotani.

Wina akalakwa, woyimbira amamutumiza kunja kwa mphindi 2, kapena 5 ngati cholakwacho ndi chachikulu, ndipo timu yake imasewera yopereweza. Nthawi imeneyi imatchedwa power play kwa timu imene ili ndi ochuluka. Zigoli zambiri zimabadwira pamenepa, ndipo mphunzitsi amalowetsa anthu amene amawadalira.

Magemu 7 a Bedard

Mpikisano wa 2023 unayenera kuchitikira ku Russia, koma IIHF inalanda mwayiwo dzikolo litayamba nkhondo ku Ukraine, n'kuupereka ku mizinda ya Halifax ndi Moncton ku Canada. Timu ya Russia sinaloledwe kusewera. Zimenezi tiyenera kuzikumbukira, chifukwa mmodzi wa adani amphamvu kunalibe.

Bedard anafika ali wodziwika kale. Mu 2020 anakhala woyamba mu ligi ya achinyamata ya WHL kupatsidwa chilolezo chapadera choti alowe ali ndi zaka 15, ndipo ankasewerera Regina Pats. Komabe Canada inayamba moipa. Czechia inaigonjetsa 5-2 pa gemu yoyamba. Bedard anagoletsa chimodzi, koma anthu anadzudzula timuyo chifukwa chofuna zokongola, monga kunyamula puck pandodo kuseri kwa golo n'kuyesa kuilowetsa pakona yam'mwamba. Mphunzitsi anasakaniza malaini, ndipo Bedard anakhazikika pambali pa Logan Stankoven ndi Joshua Roy.

Kenako kunagwa mvula ya zigoli. Canada inathambitsa Germany 11-2, Bedard n'kugoletsa 3 ndi kupatsira 4. Inathambitsanso Austria 11-0, iye n'kugoletsa 2 ndi kupatsira 4. Pa gemu ya Sweden, imene Canada inapambana 5-1, sanagoletse koma anapatsira 4. Mu kotafainolo Slovakia inavuta kwambiri. Bedard anagoletsa 2, kuphatikizapo chopambanitsa cha m'nthawi yowonjezera, gemu n'kutha 4-3. Mu semifainolo America inatsogola 2-0, Bedard n'kugoletsa choyamba cha Canada, ndipo anzake anapitiriza mpaka 6-2. Mu fainolo, pokumananso ndi Czechia, Canada inapambana 3-2 m'nthawi yowonjezera ndi chigoli cha Dylan Guenther. Bedard sanapeze pointi tsiku limenelo.

Zonse pamodzi: zigoli 9, zopatsira 14, mapointi 23. Palibe wa ku Canada amene anafikapo pamenepo pa mpikisano umodzi. Mbiri yakale inali 18. Wachiwiri chaka chimenecho, Logan Cooley wa ku America, anali ndi 14.

Tsopano tichotsere. Mwa mapointi 23 amenewa, 13 anachokera m'magemu awiri a Germany ndi Austria, ndipo Austria inatsitsidwa mpikisano utatha. Sikauti wanzeru amaika magemu awiriwo pambali n'kufunsa kuti patsala chiyani. Patsala mapointi 10 m'magemu 5 a Czechia, Sweden, Slovakia ndi America, kwa mwana wa zaka 17. Chimenechi ndicho chimapereka mantha, osati 23. Kuchotsera kotere n'kofunika ngakhale pa mbiri yaikulu kuposa zonse: Peter Forsberg wa ku Sweden anapeza mapointi 31 mu 1993, koma 10 mwa iwo anawapeza gemu imodzi pamene Sweden inkakuntha Japan 20-1.

Chigoli cha pa Slovakia ndi choyenera kuchibwereza kangapo pa kanema. M'nthawi yowonjezera mbali iliyonse imatsala ndi osewera atatu, ndiye bwalo limakhala lotakasuka. Bedard anatenga puck cha kumtunda, anadyetsa njomba wosewera woyamba, anakokera puck mkati kulambalala wachiwiri, n'kufika maso ndi maso ndi goloboyi Adam Gajan amene anali atatchinga kale mashoti oposa 50. M'malo momenya, anadikira goloboyi atambasule ndodo, anamuzungulira, n'kulowetsa. Yang'anani mutu wake pa kanemayo: sunawerame kuyang'ana puck. Manja ankagwira ntchito yawo okha, maso ali pa adani.

Choyenera kuyang'ana gemu ili m'kati

Kamera ya wailesi yakanema imatsatira puck. Inu musatsatire puck. Gwirani nambala ya mnyamata wanu akangolumpha mpanda, ndipo musamusiye mpaka atabwerera kubenchi. Poyamba zimavuta chifukwa diso limathawira kumene kuli phokoso. Njira yabwino ndi kuonera gemu kawiri, koyamba kusangalala, kachiwiri ndi cholembera. Kwa amene ali ku Malawi kapena Zambia kuonera yojambulidwa kale n'kwanzerunso, chifukwa mzinda ngati Halifax uli kumbuyo ndi maola 6, ndiye gemu ya madzulo kumeneko imakupezani pakati pa usiku.

Yambani ndi miyendo. Si liwiro la pamzere wowongoka lokha ayi, koma masitepe atatu oyamba akamanyamuka, ndi mmene amakhotera osataya liwiro. Mnyamata woima chilili, mawondo osapinda, amaoneka wothamanga pakati pa ana anzake koma akuluakulu amamugwetsa ndi phewa limodzi. Onaninso ngati amatha kukhota mbali zonse ziwiri mofanana. Ambiri ali ndi mbali imene amaikonda, ndipo otchinga a NHL amaitulukira msanga.

Chachiwiri ndi chimene amachita puck isanamufike. Waluso amatembenuza mutu kuyang'ana paphewa, kamodzi kapena kawiri, kuti puck ikafika akhale atadziwa kale kopita. Wosayang'ana amalandira kaye, kenako n'kuyamba kuganiza, ndipo theka la sekondi limenelo ndi lokwanira kuti amulande. Werengani ndithu: pa shifiti iliyonse, anayang'ana kangati?

Pa kamenyedwe, mphamvu si nkhani yaikulu. Nkhani ndi kuchedwa kapena kufulumira kwa puck kuchoka pandodo. Chimene chinasiyanitsa Bedard ndi ichi: amakokera puck kufupi ndi mapazi ake kenako n'kuitulutsa nthawi yomweyo, kotero kuti goloboyi amene wakonzekera puck yochokera apa amaipeza ikuchokera pena, kawirikawiri pakati pa miyendo ya wotchinga wake yemwe amene akumuphimba maso. Amagwiritsa ntchito ndodo yofewa imene imapindika ngati uta n'kuponya puck. Lembaninso pamene akumenyera. Mashoti 6 ochokera kumpanda ndi ochepa mphamvu kusiyana ndi awiri ochokera pakati, kutsogolo kwa golo, kumene munthu amalandira zigongono.

Ndipo pali ntchito yauve: kulimbirana puck kumpanda ndi m'makona, ndi kubwerera kukathandiza timu ikalandidwa. Apa m'pamene masikauti ankaunika kwambiri Bedard, chifukwa ndi wamfupi pa muyeso wa NHL, masentimita pafupifupi 178. Funso silinali loti angagoletse kodi, koma loti thupi lake lingapirire kugundidwa ndi amuna olemera makilo 95 magemu 82 pa chaka.

Gemu ikatha, tsegulani pepala la IIHF la gemuyo pa intaneti. Limaonetsa mphindi zimene aliyense anasewera, mashoti, ndi amene anali pa ayezi pa chigoli chilichonse. Lekanitsani mapointi a power play ndi a nthawi imene mbali zonse zinali zokwana. Lekanitsaninso wopatsira womaliza ndi wa pambuyo pake, chifukwa chigoli chimodzi chimatha kupereka pointi kwa opatsira awiri, ndipo wachiwiriyo mwina anangokankha puck kwa mnzake ali kutali ndi golo. Chiwerengero cha plus/minus, chimene chimawonjezera wosewera akakhala pa ayezi timu yake ikugoletsa ndi kuchotsera ikamagoletsedwa (kupatula zigoli za timu imene ili pa power play), musachikhulupirire pa magemu 7. Chimanena za timu kuposa za munthu. Chodalirika kwambiri ndi ichi: gemu ikatsala mphindi ziwiri, kusiyana kuli chigoli chimodzi, mphunzitsi akutumiza ndani?

Pamene pepala la zigoli linanamiza

Mu 2013 ku Ufa, Nathan MacKinnon wa zaka 17 anasewera magemu 6 n'kupeza pointi imodzi yokha. Chaka chimenecho ligi ya NHL inali itaima chifukwa cha mkangano wa eni matimu ndi osewera, ndiye akuluakulu ngati Ryan Nugent-Hopkins anabwera, MacKinnon n'kukankhidwira m'malaini apansi. Patangopita miyezi ingapo anatsogolera Halifax Mooseheads kutenga Memorial Cup, chikho cha maligi a achinyamata a ku Canada, Colorado n'kumusankha woyamba pa draft. Anadzatenga Stanley Cup, chikho cha NHL, mu 2022, ndipo mu 2024 anasankhidwa kukhala wosewera wofunika kwambiri mu ligi yonse. Amene anamuweruza ndi pointi imodzi ija anaphonya kutali.

Mbali inayo ndi 2016 ku Helsinki. Finland inatenga golide ndi laini ya Jesse Puljujärvi, Sebastian Aho ndi Patrik Laine. Puljujärvi, wa zaka 17, anatsogola ndi mapointi 17 n'kutchedwa wosewera wabwino koposa, ndipo Edmonton inamusankha wachinayi. Ku NHL sanafike pamene anthu ankayembekezera. Amene anadzakhala mzati wa timu yake kwa zaka zambiri ndi Aho, amene Carolina inali itamutenga pa nambala 35 chaka cham'mbuyo. Laini ikamayaka moto, funsani kuti akuyatsa ndani. Wapakati amene amatulutsa puck kumbuyo n'kuilowetsa m'dera la adani nthawi zambiri ndiye injini, ngakhale dzina lotchuka likhale la wina.

Ku Halifax komweko kunali zitsanzo zina. Adam Fantilli, amene ankasewerera yunivesite ya Michigan, anatsitsidwa m'malaini apansi a Canada ndipo anamaliza ndi mapointi 5. Anagoletsa mu semifainolo, koma sanali nyenyezi. Nyengo yomweyo anapata mphoto ya Hobey Baker ya wosewera wabwino koposa m'mayunivesite a ku America, ndipo Columbus inamutenga wachitatu. David Reinbacher, wotchinga kumbuyo wa Austria, anali mu timu imene inkangomwetsedwa zigoli. Masikauti sanawerenge zigolizo; anaona mmene ankatsekera mpata, mmene ankagwiritsira ndodo kulanda puck, komanso ankadziwa kuti amasewera ndi akuluakulu ku Kloten mu ligi ya Switzerland. Montreal inamutenga wachisanu. Kuweruza wotchinga wa timu yofooka ndi ntchito yovuta kuposa zonse pa mpikisanowu, chifukwa amakhala gemu yonse akuzimitsa moto, osapeza mpata woonetsa zimene amachita ali ndi puck.

Pa goloboyi m'pofunika kusamala koposa. Gajan anali atadutsidwa pa draft ya 2022 popanda womutenga. Atachita zodabwitsa ku Halifax anatchedwa goloboyi wabwino koposa, ndipo Chicago inamutenga pa nambala 35. Sabata imodzi ikhozadi kusintha moyo wa mnyamata, koma goloboyi amachedwa kukhwima, ndipo magemu anayi abwino sanena zambiri za zaka zisanu zikubwerazo.

Zina zimene zimasokoneza maso

Kukula kwa bwalo kumasiyana. La NHL ndi mamita 61 kutalika ndi 26 m'lifupi, pomwe ambiri a ku Ulaya amafika mamita 30 m'lifupi. Mamita anayiwo ndi ambiri. Pa bwalo lotakata wosewera amakhala ndi nthawi yoganiza, koma akakankhidwira kumpanda amakhala kutali ndi golo. Pa bwalo lopapatiza adani amafika msanga ndipo shoti ya kumbali ikhoza kulowa. Mnyamata wa ku Sweden akamavutika magemu awiri oyamba ku Canada, mwina akungozolowera mpanda umene wayandikira. Akazolowera pofika gemu yachitatu, lembani ngati chinthu chabwino.

Malo osewerera amasinthanso. Timu ya dziko imasonkhanitsa anyamata amene kwawo aliyense ndi wapakati wa laini yoyamba, ndiye ena amasunthidwira kumapiko. Bedard ku Regina anali wapakati, koma ku Halifax anasewera kwambiri kuphiko. Choncho mpikisanowu sunayankhe funso loti angathe kunyamula udindo wa wapakati ku NHL, monga kulimbirana puck woyimbira akaiponya pansi ndi kutsika kukathandiza otchinga. Yankho la funso limenelo linali m'magemu a ligi.

Woyimbira wa IIHF ndi wolimba pa kugunda kumutu kuposa zimene anyamata a ku North America anazolowera, ndipo wina akhoza kutulutsidwa gemu yonse pa chinthu chimene kwawo akanangolandira mphindi 2. Onjezani kutopa kwa ulendo, magemu otsatizana masiku awiri, chimfine chimene chimayenda m'timu yogona hotela imodzi, ndi anzake osewera nawo amene wangodziwana nawo milungu iwiri yapitayo.

N'chifukwa chake masikauti amatenga World Juniors ngati tsamba limodzi m'buku lalitali. Masamba ena ndi Hlinka Gretzky Cup ya matimu a mayiko a achinyamata mu Ogasiti, mpikisano wa dziko lonse wa osakwana zaka 18 mu Epulo, ndipo koposa zonse, nyengo yathunthu ya ligi. Ofesi ya NHL yoona za masikauti imatulutsa mndandanda wake pakati pa nyengo mu Januwale ndi womaliza mu Epulo, wa ku North America paokha, wa ku Ulaya paokha. Kwa Bedard masamba onse ankanena chimodzimodzi: nyengo ya 2022-23 anagoletsa zigoli 71 n'kupeza mapointi 143 m'magemu 57 ku Regina. Chicago inapambana maere a draft mu Meyi, ndipo pa 28 Juni 2023 ku Nashville inamutchula woyamba.

Funso la thupi lija linayesedwa msanga. Mu Januwale 2024 anagundidwa n'kuthyoka nsagwada, ndipo anakhala kunja milungu ingapo. Anabwerera, anamaliza nyengo ndi zigoli 22 ndi mapointi 61 m'magemu 68 mu timu imene inali pafupi ndi pansi pa ligi, ndipo anapatsidwa Calder Trophy ya wosewera watsopano wabwino koposa.